Timachotsa Khwangwala mu Kompyuta

Kompyuta yomaliza anainyamula okha Mai Mildred Namakhwa. Anaifungata pachifuwa, kutsika nayo masitepe a ofesi, mpaka pomwe panaima galimoto yoyera ya magalasi akuda.

"Mukuzivutiranji, mayi?" anatero mwamuna wa suti, akutsegula buti. "Dalaivala akanatenga."

"Mlendo timaperekeza, bambo. Makamaka inu amene mwabwera kudzatipulumutsa."

Linali Lachitatu m'mawa, ku Bangwe. Anthu omwe anali pamzere kudikira ziphaso za malonda anapatuka kuti Mai Namakhwa adutse. Makompyuta onse anayi a ofesiyo analowa m'buti. Mwamunayo anawagwira dzanja ndi manja awiri, nati Lachisanu zonse zikhala zitabwerera mwakale. Kenaka anatsitsa mawu.

"Koma monga tagwirizana. Kulikulu musaimbe. Akamva kuti tikubwezeretsa zakale, ine ntchito yatha. Inunso."

"Pakamwa panga ndi potseka."

Galimoto inatsetsereka kulowera ku Limbe. Mai Namakhwa anaibayibitsa mpaka inakhota.

Nkhaniyi inayamba ndi uthenga wochokera kulikulu. Unati boma latopa kulipira chaka ndi chaka, m'madola, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ake. Maofesi onse asintha. Ayamba kugwiritsa ntchito ina yaulere, yomwe mwini wake ndi aliyense. Mai Namakhwa anali mkulu wa kaofesi kameneka, ndipo anatsala ndi chaka chimodzi kuti apume pantchito. Anawerenga uthengawo kawiri. Zoti yaulere anamva. Zoti mwini wake ndi aliyense sanamve. Kwawo ku Thyolo, chinthu cha aliyense chinali chitsime kapena manda.

Lolemba iwo anali kumaliro ku Thyolo komweko. Kuofesi kunafika mtsikana wovala hijabu, atatsika minibasi, kafulashi kali lende pakhosi. Yona, kalaliki wa ofesiyo, poyamba anamuyesa wogulitsa perefyumu. Mtsikanayo anaonetsa chiphaso chake, anakhala pa makompyuta mpaka masana, anasiyira Yona pasiwedi yatsopano, nathamangira ku ofesi ina ku Machinjiri. Ananena kuti adzabweranso Lachisanu kudzawaphunzitsa. Zimenezo Yona anaiwala kunena.

Lachiwiri Mai Namakhwa atayatsa kompyuta yawo anakumana ndi mbalame. Yakuda kumsana, yoyera pamimba, itakhala pansi ngati yakhuta paukwati.

"Yona! Khwangwala uyu wachokera kuti?"

"Ndi wa boma, mayi."

"Nanga mafayilo anga?"

"Mwina wadya ndi yemweyo."

Analemba pasiwedi, kompyuta inatseguka. Anasaka pakona yakumanzere pomwe ankadina zaka zonsezi. Panalibe kanthu. Tsiku lonse sipanatuluke chiphaso ngakhale chimodzi. Mzere unafika kumsewu.

Zenera la ofesiyo linali lathabwa, lokhala ndi kabowo m'munsi. Munthu wa mkati ankaona manja okha a amene waima panja. Tsiku limenelo manja aliwonse ofika pakabowopo anamva mawu omwewo.

"Musakalipire ine. Ine ndine Namakhwa, si ine boma. Ndinali kumaliro ku Thyolo, ndapeza atiikira khwangwala. Atapezeka munthu wotibwezera zakale, ndikhoza kumugwadira."

Ndiye Lachitatu munthuyo anapezeka. Suti yabuluu, nsapato zonyezimira, chingwe pakhosi chokhala ndi khadi lomwe linatembenukira kuchifuwa. Anati ndi Ramsey, wa zamakompyuta kulikulu. Anayamba ndi kupepesa maliro a ku Thyolo. Anati madandaulo afika, ndipo iye ndi anzake ochepa akubwezeretsa zakale mwakachetechete, kuthandiza akuluakulu ngati iwo. Mai Namakhwa anatuma Yona Fanta. Mlendoyo analandira botolo ndi manja awiri. Chala chake chaching'ono chakumanzere chinali chokhota ngati mbedza. Mai Namakhwa anaona ngati anachionapo kwinakwake, koma sanazitengere.

Lachisanu m'mawa mtsikana wa hijabu uja anagogoda.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ndine Zuleikha Mdala, wa zamakompyuta kulikulu. Ndabwera kudzakuphunzitsani." Anayang'ana matebulo. Panali mawaya okhaokha ndi zizindikiro zinayi pafumbi. "Makompyuta ali kuti?"

"Ali kwanu."

"Kwathu ku Mbayani?"

"Kulikulu. Anatenga anzanu."

"Anzanga ati? Chigawo chonse chino ndili ndekha."

"A Ramsey."

"Ramsey wake uti?"

"Wa galimoto yoyera."

"Mayi, ife mafuta a galimoto tinawaona komaliza chaka chatha."

Yona anadzuka n'kupita kukaima panja. Mai Namakhwa anatenga foni, naimba nambala yomwe mlendo uja anasiya. Mawu a mkazi anati nambalayo sikupezeka. Anaimbanso. Kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali pamaondo.

Ku polisi ya Mtambalika nkhaniyi inagwera Sajenti Jesinta Makwinja wa zofufuza. Anali mayi wamfupi, wosakonda kubwereza funso.

"Anathyola pati?"

"Sanathyole," anayankha Mai Namakhwa.

"Anakuopsezani ndi chiyani?"

"Ayi, sanatiopseze."

"Ndiye makompyuta anafika bwanji m'galimoto?"

"Ina ananyamula Yona. Ziwiri dalaivala."

"Yachinayi?"

"Ine."

Sajenti anakweza maso. "Nambala ya galimoto?"

"Ndinkabayibitsa."

"Kulikulu munaimba kufunsa?"

"Anati ndisaimbe."

"Inu n'kumvera. Dzina lanu analidziwa bwanji? Za maliro anamuuza ndani?"

"Sindikudziwa."

Sajenti anatembenukira kwa Zuleikha. "Inu achemwali, si mungaone pa setilaiti pomwe ali makinawo?"

"Zimenezo ndi za m'mafilimu, a Sajenti."

"Chabwino. Tandifotokozerani. Akuti zinthuzi ndi zaulere. Ngati ndi zaulere, chabedwa n'chiyani?"

"Chaulere ndi pulogalamu ya mkati. Yakale ija inali ngati galimoto yomwe boneti yake anawotcherera. Ikavuta, uyenera kulipira eni ake kunja. Yatsopanoyi boneti imatseguka, makanika aliyense akhoza kuona injini n'kukonza. Koma zitsulozo ndi za boma."

"Ndiye wakubayo atsegula boneti."

"Ayi. Makinawo ndinawakiya. Popanda pasiwedi salowa, ndipo sangafufute n'kuikamo zina."

"Ndiye ndi ya aliyense, koma yokiya."

"Eya. Ayi. Pulogalamu ndi ya aliyense. Makina ndi okiya."

Sajenti anadzigwira pachipumi. "Akayatsa aona chiyani?"

"Pengwini."

"Chiyani?"

"Khwangwala," anatero Mai Namakhwa.

Sajenti anatseka doketi. "Mayi, ndikuuzeni mosabisa. Kwa ine izi zikuoneka ngati wakuba ali ndi mnzake mkati. Ndipo mkatimo mkulu ndi inu. Mupite kunyumba pa belo. Koma munthuyu akapanda kupezeka, doketi iyi ipita kukhoti ili ndi dzina lanu."

Pofika masana kulikulu kunaimba. Mai Namakhwa aimitsidwa ntchito. Akapezeka olakwa, za penshoni aiwale.

Loweruka sanapite kukwaya. Anakhala m'nyumba mwawo ku Nkolokosa, makatani ali otseka. Anayesa kukumbukira nkhope ya Ramsey, koma imabwera ndi suti yokha. Dzuwa litapendeka analephera kupirira. Anavala nsapato zafulati, nakwera minibasi ya ku Ndirande. Sankadziwa chomwe akukafuna. Ankangodziwa kuti katundu wotayika mu Blantyre amadutsira mumsika umenewo.

Anazungulira m'mizere ya zitsulo, ya mawaya, ya mawayilesi akufa. Paliponse ankafunsa makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito. Pakashopu kena koikira nyimbo m'mamemori khadi, mwini wake, bambo wa ndevu, anapukusa mutu asanamalize n'komwe kufunsa.

"Mayi, masiku ano samalani. Ine ndagula ina Lachinayi, yooneka bwino, yotchipa. Kuyatsa, muli khwangwala. Kudina apa, khwangwala. Kuika fulashi yanga, khwangwala. Ndaitana anyamata onse odziwa mumsika muno, mpaka kuchotsa batire. Khwangwala ali phee, akungondiyang'ana."

"Ndiye ili kuti?"

"Ndabweza dzulo. Tinatsala pang'ono kumenyana."

"Anakugulitsaniyo amakhala kuti?"

"Ameneyo ndi woyendayenda. Koma ali m'madzi. Akuti ku Limbe nakonso amubwezera. Akungofunsa aliyense amene angachotse chimbalamecho."

Mai Namakhwa anaima kanthawi pakati pa njira, anthu akuwagunda mapewa. Mawu amenewo ankawadziwa. Anali awo omwe, a Lachiwiri lija pazenera. Munthu wofika pamenepo akhoza kugwadira aliyense. Iwo anali mboni.

Lamulungu anapita ku Mbayani kukasaka Zuleikha. Anamupeza pakashopu ka amalume ake, a Yusuph, okonza mafoni m'mbali mwa msewu. Anafotokoza ganizo lawo ataimirira. Zuleikha anaimbira Sajenti Makwinja. Sajenti anati ayesa tsiku limodzi basi.

A Yusuph analemba okha chikwangwani pakatoni, uku akudandaula.

"Zaka zonsezi ine ndimachotsa madzi m'mafoni. Lero ndayamba kuchotsa akhwangwala? Anthu kumzikiti adziti ndayamba using'anga."

"Si khwangwala, amalume. Ndi pengwini, mbalame ya kumaiko ozizira."

"Ukalemba zimenezo abwera ndani?"

Chikwangwanicho chinati: TIMACHOTSA KHWANGWALA MU KOMPYUTA. Lolemba a Yusuph anaimbira anzawo okonza mafoni ku Ndirande, ku Limbe ndi ku Zingwangwa kuti afalitse.

Lachiwiri m'mawa onse anali pamalo. Zuleikha ndi a Yusuph anaima pakauntala. Sajenti anavala chitenje, nakhala pabenchi kutsidya ngati akudikira foni yake. Wapolisi mmodzi wamwamuna anabisala kuseri kwa kashopu. Mai Namakhwa anawaika m'kachipinda ka mkati, kuseri kwa pulayiwudi yokhala ndi mng'alu m'munsi. Ankaona kauntala ndi manja a ofika. Anagwirizana kuti akamuzindikira munthuyo atsokomole.

Cha m'ma naini kunaima kabaza. Panatsika bambo wa dazi, atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje. Anayang'ana uku ndi uku, nachiika pakauntala.

"Ndamva kuti mumachotsa," ananong'ona.

Zuleikha anafunyulula, nalumikiza mawaya. Khwangwala anatulukira. Mai Namakhwa sanatsokomole, koma Sajenti anali atawoloka kale msewu.

"Polisi! Mwaitenga kuti kompyuta iyi?"

"Kuofesi kwanga!"

"Kuofesi kwanu kuti?"

"Ku Chilomoni. Ndine Rafaeli Mulima, mkulu wa ofesi. Funsani mtsikanayu, anaika ndi iyeyu!"

Zuleikha anayang'ana nambala kuseri kwa makinawo, nagwetsa mapewa. "Akunena zoona, a Sajenti. Iyi ndi ya ku Chilomoni."

"Ndiye mukutani nayo kuno?"

"Ndimafuna ndingobwezeretsa zakale, mwakachetechete. Madzulo ndikabweza."

"Mwatulutsa katundu wa boma m'chitenje cha akazi anu. Pitani kuseri mukakhale."

Pasanathe ola kunabwera mayi wina wa ku ofesi ya Machinjiri, yake ataiika m'thumba la feteleza. Pambuyo pake mnyamata wa tayi wa ku Zingwangwa. Pofika masana benchi ya kuseri inali itadzaza. Onse anakhala ndi makompyuta awo pamiyendo, osayang'anana, wapolisi uja akuwalondera.

Sajenti analowa m'kachipinda, thukuta lili kamukamu. "Mayi Namakhwa, mukufuna ndimange boma lonse?"

Mai Namakhwa anasuzumira kuseri. Amayembekezera kuti kuona anzawo pabenchi kuwapepukitsa mtima, koma sizinatero. Onsewo makompyuta awo anali nawo.

Zuleikha anasuzumira pakhomo, maso atafiira. "Ndinaika zonse bwinobwino. Palibe fayilo inatayika ngakhale imodzi. Chavuta n'chiyani ndi anthuwa?"

"Unaika, mwananga. Koma sunatiuze podina."

"Ndinati ndidzabwera. Maofesi onsewa, ine ndekha, pa minibasi."

"Dzuwa likangopendeka tikutseka," anatero Sajenti. "Ndipo doketi ikupita."

Anthu anayamba kuchepa mumsewu. A Yusuph anamva kuitana kwa kumzikiti, anavala kofia n'kupita. Sajenti anabwerera pabenchi yake, nagula chipisi pachiwaya. Mai Namakhwa miyendo inachita dzanzi. Anayamba kuganiza za mwana wawo wa ku Lilongwe, amene anali asanamuuze kanthu, ndi momwe akayambire.

Pakauntala panafika munthu. Analibe katundu. Mai Namakhwa anaona mikono ya jezi ya mpira, ndi foni ikukankhidwira kwa Zuleikha.

"Sisi, chinthu ichi mumachotsadi?" Mawuwo anali otsika, otopa.

"Timachotsa. Ili kuti?"

"Muyambe mwandiuza. Ena onse alephera."

"Enawo alibe kiyi wake. Ndi imodzi?"

Munthuyo anazengereza. Dzanja lake lamanzere linayamba kugogoda pakauntala. Chala chaching'ono chinali chokhota ngati mbedza.

Apa Mai Namakhwa anakumbukira pomwe anachiona koyamba. Sipanali pabotolo la Fanta. Panali pakabowo ka zenera lawo, Lachiwiri lija, chikugogoda chomwechi pamene iwo ankakhuthula madandaulo awo onse.

Anayesa kutsokomola. Sipanatuluke kanthu.

"Zilipo zinayi," anatero munthuyo. "Zili m'galimoto, apa pakona."

"Bweretsani imodzi tione," anatero Zuleikha.

Manja aja anachoka. Mai Namakhwa anayesanso kutsokomola, koma kunangotuluka mpweya. Anadzuka, natsegula kachitseko.

Anamuona akubwera kuchokera pakona, kapu itatsikira kumaso, kompyuta ili pachifuwa. Kumbuyo kwake kunaima galimoto yoyera, buti ili yotsegula. Mai Namakhwa anapita molunjika, nagwira kompyutayo mbali inayo.

"Tikulandireni, a Ramsey. Mlendo timamulandira katundu."

Anayang'anana. Ramsey anasiya kompyuta m'manja mwawo, natembenuka. Kumsewu anaona mayi wa chitenje akuthamangira galimoto, chipisi chili mbwee pansi. Anakhotera m'kanjira ka pambali pa shopu, kuthawira kuseri.

Kuseriko kunali benchi ya ogwira ntchito m'boma, ndi wapolisi.

Anapunthwa pa miyendo ya a Rafaeli, nagwa chafufumimba. Wapolisi anamukhalira pamsana.

"Uyunso ndi wa ofesi iti?" anafunsa a Rafaeli.

Dalaivala sanathawe. Sajenti anali atazula kale kiyi. M'buti munali makompyuta atatu, ndi masuti angapo a kaunjika atakulungidwa m'pulasitiki.

Anamukhazika Ramsey pansi kutsogolo kwa kauntala, maunyolo ali m'manja. Anthu anayamba kuunjikana. Sajenti anaima patsogolo pake.

"Dzina?"

"Ramsey Chikopa."

"Mnzako wa mkati ndani?"

Ramsey anayang'ana pansi. Kenaka anakweza maso, nayang'ana Mai Namakhwa, omwe anali akadafungatabe kompyuta.

"Ndi mayi awa. Anandituma ndi iwowa. Funsani aliyense ku Bangwe, ananyamula okha."

Anthu anang'ung'udza. Mai Namakhwa anaika kompyuta pakauntala. Zoti ananyamula okha zinali zoona. Zoti anabisa zinali zoona. Anaona Sajenti akuwayang'ana ndi maso omwe aja a Lachisanu.

"Anali pamzere," anatero pomaliza. "Chala chakecho. Ndinachiona pazenera."

"Chala si umboni, mayi." Sajenti analoza kompyuta ija. "Achemwali, tayatsani."

Zuleikha analumikiza. Khwangwala anatulukira, ali phee, ndi kabokosi kolembamo m'munsi mwake.

"Iwe Ramsey, dzuka. Tsegula."

"Sindidziwa pasiwedi."

"Mayi Namakhwa, inu mumaidziwa?"

"Ndimaidziwa."

"Lembani."

Analemba ndi chala chimodzi. Kompyuta inatseguka.

Sajenti anatembenukira kwa Ramsey. "Ndiye ukundiuza kuti mayi awa anakutuma, anakupatsa Fanta, anakunyamulira katundu, koma kiyi anakumana? Sabata yonse ukuzungulira Ndirande ndi Limbe, anthu akufuna kukumenya, osawaimbira mnzakoyo kuti akuuze mawu amodzi?"

Ramsey anayang'ana maunyolo m'manja mwake.

"Ndikufunsa."

"Sindimadziwa kuti pamafunika pasiwedi," anatero motsitsa. "Ndimati ndikangofufuta."

"Dzina lawo unalidziwa bwanji?"

"Ananena okha. Ndinali pamzere Lachiwiri, kufuna chiphaso cha benchi yanga ya masuti ku Limbe. Tsiku lonse padzuwa. Dzina, maliro, Thyolo, zonse ananena okha. Anati akhoza kugwada." Anapukusa mutu. "Ine ndinangovala katundu wanga."

A Yusuph anafika akuchokera kumzikiti, napeza khamu pashopu pawo. Anayang'ana wa maunyolo, anayang'ana galimoto, anayang'ana a pabenchi omwe anali atatulukira ndi makompyuta awo.

"Ndiye khwangwala wachoka?"

"Sachoka, amalume," anatero Zuleikha. "Wabwera kudzakhala."

Mlandu unazengedwa mwezi wotsatira. Mai Namakhwa analowa m'bokosi ngati mboni, osati woimbidwa mlandu. Anafotokoza zonse osasiyako, za Fanta ndi za kubayibitsa zomwe. Anthu anaseka. Iwo anangoyang'ana kutsogolo mpaka kusekako kunatha. Ramsey Chikopa anamulamula kukakhala kundende zaka zinayi. Dalaivala, ziwiri. Kulikulu kunawapatsa Mai Namakhwa chenjezo, n'kuwabwezera pantchito. A pabenchi aja nawonso analandira lawo.

Akutuluka m'khoti anakumana ndi akaidi akukwezedwa m'galimoto ya ndende. Ramsey anaima phazi limodzi lili pasitepe.

"Mayi," anaitana. "Mafayilo anu aja munawapeza?"

"Analipo nthawi yonseyi. Pakona yakumanja, m'mwamba."

"Basi?"

"Basi."

Woyang'anira akaidi anamukankha, chitseko chinatsekedwa. Galimoto inanyamuka kulowera kumsewu waukulu. Mai Namakhwa anawerenga nambala yake mpaka kumapeto. Dzanja lawo linakhala pachikwama.